Za Umoyo wa Thupi: Mau Omvera ndi Khutu kwa Wothyoka Pfupa

Lero tikambe chinthu chimene ambiri achita nacho manyazi, ndicho kudzimbidwa kwa wodwala amene madotolo amchita opareshoni ya mafupa. Pfupa lingathe kulumikizika bwino lomwe, koma mwini wache nabuula usiku wonse chifukwa m'mimba mwauma, ndipo chilakolako cha chakudya nchotha.

Bvuto limeneli liri ndi magwero ache. Loyamba ndilo mankhwala oletsa ululu, monga morphine, codeine ndi tramadol. Morphine anayamba kumpatula Friedrich Sertürner wa ku Germany cha m'ma 1805, ndipo kufikira lero athandiza odwala osawerengeka. Koma achititsa matumbo ulesi, kotero kuti zakudya zikhalitsa m'menemo, madzi ache namwereredwa, chimbudzi nichiuma. Thupi silizolowera zimenezi, ngakhale munthu amwe mankhwalawo masabata ambiri. Lachiwiri ndilo kugona kosadzuka, makamaka kwa iye wothyoka nchafu amene mwendo wache aukoka ndi zolemera pa kama. Lachitatu ndilo kusala chakudya isanafike opareshoni, ndi kumwa madzi pang'ono poopa kusautsa womdikira. Lachinai ndi manyazi, pakuti kudzithandiza chogona, pakati pa anthu, nkobvuta kwa munthu wamkulu.

Anamwino amanena zonsezi, koma wodwala wogwidwa ndi mantha ndi ululu amva pang'ono naiwala msanga. Ndipo pepala la malangizo liri chabe kwa iye wosadziwa kuwerenga kapena wa maso ofooka. Chifukwa chache kuli nzeru yojambula malangizowo pa foni, m'chinenero cha wodwala mwini, kuti awamve asanalowe m'chipinda cha opareshoni, nawabwereze atatulukamo. Mau ojambulidwa satopa kubwereza, sachita manyazi kutchula chimbudzi, ndipo womdikira, amene aphika ndi kutunga madzi, awamva pamodzi naye. Komabe sangalowe m'malo mwa namwino, popeza foni siyankha funso ndipo sikhudza mimba kuti imve ngati yatupa.

Mau otere ayenera kukhala afupi ndi omveka. Wodwala amwe madzi ngati malita 2 pa tsiku, pokhapokha dotolo atamletsa chifukwa cha nthenda ya mtima kapena ya impso. Akamlola kudya, mpatseni nsima ya mgaiwa m'malo mwa ya ufa woyera, pamodzi ndi nkhwani, bonongwe, nyemba, papaya ndi mango. Koma dziwani kuti zakudya za gaga popanda madzi okwanira zionjeza kuuma. Ayese kudzithandiza atangodya chakudya cha m'mawa, pakuti ndiyo nthawi imene matumbo agwira nchito kwambiri, ndipo womdikira amtchinge ndi nsaru kuti akhale womasuka. Akauzidwa kukhala tsonga kapena kuyamba kuyenda, asakane, ngakhale kupweteke. Mankhwala ofewetsa m'mimba, monga senna, bisacodyl kapena lactulose, amwe monga dotolo walembera, osadikira kuti bvuto likule. Asaleke yekha mankhwala a ululu, ndipo achibale asamwetse mizu yotsegula m'mimba mobisa.

M'chaka cha 1997 madotolo a ku Bristol, ku England, anafalitsa chithunzi chogawa chimbudzi m'mitundu 7. Mtundu 1 ndi timibulu touma ngati ta mbuzi, mtundu 2 ndi wolimba wa mabumphumabumphu, mitundu 3 ndi 4 ndiyo yabwino. Mau a pa foni akaphunzitsa zimenezi, nkhalamba ya manyazi ingathe kungotchula nambala kwa namwino wa msinkhu wa mdzukulu wache, ndipo iye amva.

Tsono sungani ichi koposa zonse: pakapita masiku 3 osachita chimbudzi, uzani namwino, koma mimba ikatupa nkumapweteka, wodwala nasanza, mphweya wosatuluka, muitaneni nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, pakuti mwina matumbo aima. Akulu anati safunsa anadya phula. Mbale wanu akagonekedwa chifukwa cha pfupa, funsani ngati malangizo ojambulidwa alipo. Ngati palibe, pemphani namwino akuloleni kujambula mau ache pa foni yanu pamene akulangiza, kuti mukawamvenso kunyumba.