Nsomba za m'galasi zisapite kumtsinje

Tsiku lina m'mawa mdzukulu wanga anabwera akuthamanga. "Agogo, tabwerani muone, nsomba zaswa!" M'thanki yagalasi imene bambo ake anagula ku Lilongwe munali tiana tambirimbiri tikubisala m'miyala. Patapita miyezi inayi titakula, tinadabwa kuona kuti palibe kamodzi kofanana ndi make kapena bambo ake. Kena kachikasu kamizere yabuluu, kena kamawangamawanga. Thanki inadzaza, nsomba zinayamba kulumana, ndipo mwana anabwera ndi nzeru yake: "Agogo, bwanji tikazitaye kumtsinje, zipite kwawo kunyanja?"

Funsoli linachokera mu mtima wachifundo, koma yankho lake ndi ayi. Lero ndifotokoze chifukwa chake, popeza mabanja ena ayamba kusunga nsomba zokongoletsa m'nyumba.

Nsomba zimenezi ndi mbuna, abale ake a chambo, utaka ndi ncheni. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu yoposa 700 ya banja limeneli, ndipo pafupifupi yonse siipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Ndicho chifukwa chake boma linakhazikitsa malo otetezedwa a Lake Malawi National Park ku Cape Maclear mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse. Anthu a ku Germany, America ndi Japan amagula nsomba zathuzi pa mtengo wokwera kuti azizionera m'nyumba zawo.

M'nyanja, mbuna zimakhala m'miyala, ndipo mitundu yambiri ili ndi chilumba kapena gombe lakelake. Yaikazi imasankha yaimuna poona mtundu wa khungu lake. Koma m'thanki mulibe kusankha. Mukaika mitundu iwiri yoyandikana pamodzi, imaswana, ndipo ana ake nawonso amabereka. Amenewa ndiwo mahaibulidi. Ena amachita kupangidwa dala ndi oweta, monga nsomba yamawanga yotchedwa OB peacock, imene m'nyanja mulibe.

Kusunga haibulidi m'nyumba si cholakwa. Vuto limayamba ikatuluka. M'zaka za m'ma 1960, mbuna yotchedwa Cynotilapia afra, imene kwawo ndi kumpoto kwa nyanja, inatayidwa pa chilumba cha Thumbi West pafupi ndi Cape Maclear. Inachulukana, ndipo asayansi anadzapeza kuti yayamba kuswana ndi mbuna ya pamalopo. Zikafika pamenepo palibe ukonde umene ungazilekanitse. Madzi akatayika sawoleka.

Wina anganene kuti Ntcheu ili kutali ndi nyanja. Koma mitsinje ya Bwanje ndi Livulezi imathira m'nyanja ya Malawi. N'zoona kuti mbuna zambiri zikhoza kufera m'njira, koma kutaya nsomba kumene ikafe ndi nkhanza, ndipo zikapulumuka zochepa chabe, zikhoza kufika nazo kunyanja mbewu yosakanizika kapena matenda a m'thanki. Chenjezo lomweli likukhudzanso inu amene muli ndi mayiwe a nsomba. Boma sililola kuweta nsomba yachilendo ya Nile tilapia m'dera la nyanja yathu, chifukwa ikhoza kulanda malo a chambo kapena kuswana ndi abale ake. Chambo chili kale pa mavuto: mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutha. Madzi osefukira a m'dzinja safunsa kuti m'dziwe mwanu muli chiyani, choncho wetani makumba kapena chilunguni, ndipo mbewu muzifunsa kwa alangizi a zansomba.

Kwa amene muli kale ndi thanki, nazi zofunika. Choyamba ndi kutentha. Mbuna zimafuna madzi a madigiri 24 mpaka 28. Kuzizira kwa mu June ndi July ku Tsangano, ku Lizulu kapena ku Mlangeni kukhoza kuzipha usiku umodzi, choncho hita ndi yofunika. Magetsi akazima, fundikani thanki ndi bulangeti ndipo musazipatse chakudya mpaka atayaka.

Chachiwiri ndi madzi. Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi, muthiremo ena. Madzi a pampopi ayambe agona m'ndowa tsiku lathunthu kuti mankhwala a kolorini achoke. Kwathu ntchitoyi timaichita Lachisanu masana pamodzi ndi zokonzekera zina, kuti pa Sabata ana azingokhala pansi n'kumaonera. Madzi ochotsedwawo thirirani ndiwo zamasamba, ali ndi chonde.

Chachitatu ndi chakudya. Mbuna zambiri zimadya ndere za pamiyala. Chakudya chanyama chochuluka chimazitupitsa mimba n'kuzipha. Zipatseni pang'ono, chimene zingamalize m'mphindi ziwiri.

Chachinayi ndi thanzi la banja. M'madzi a m'thanki mumakhala tizilombo toyambitsa zilonda zapakhungu ndi kutsegula m'mimba. Sambani m'manja ndi sopo mukatha, wa bala asapisemo dzanja, ndipo mwana asamakoke madzi ndi pakamwa pa paipi. Ndowa ya nsomba isalowe kukhitchini.

Pomaliza, ngati simufuna mahaibulidi, sungani mtundu umodzi wokha, kapena zazimuna zokhazokha. Yaikazi yonyamula mazira imadziwika: imasunga mazirawo m'kamwa pafupifupi masabata atatu, khosi litatupa, osadya. Ana akachuluka, apatseni anzanu amene ali ndi thanki, ndipo muwauze zoona kuti ndi osakanizika. Kugulitsa haibulidi ndi dzina la mtundu weniweni ndi bodza ngati lina lililonse.

Mlengi anatiika kuti tisamale zimene anapanga, ndipo ife Amalawi anatipatsa nyanja imene anthu amaoloka nyanja zazikulu kudzaiona. Ndinamufotokozera mdzukulu wanga zonsezi. Anakhala chete kanthawi, kenaka anafunsa ngati mphunzitsi wake angalole kuika thanki m'kalasi. Nsomba khumi zinapita kusukulu, zisanu kwa mnzake wa bambo ake, ndipo zazikazi zotsala tinazipezera thanki yawoyawo. Kumtsinje sikunapite ngakhale imodzi.