Musandiyeze ndi thukuta

Pali bodza lina lomwe tidangolimeza osatafuna, lakuti masewera olimbitsa thupi ndi okhawo omwe umatuluka thukuta mpaka malaya kuchita kufinya, mawa lake n'kumayenda ngati akumenya achifwamba. Ndiye ukangonena kuti wayamba tai chi, anthu amafa nazo nseko. "Zija za agogo a ku China zija? Zogwedeza manja ngati ukuingitsa ntchentche mwaulemu?" Ine ndangoyamba miyezi itatu yapitayi, ndikadali mwana pa zimenezi, koma ndatopa nako kusekedwa ndi anthu oti sangavale sokosi ataimirira osagwira khoma.

Tiyeni tiyese, inu osekanu. Imirirani, mupinde mawondo pang'ono, msana uwongoke, mapewa agwe. Thupi lonse litsamire mwendo wamanja. Nyamulani wamanzere pang'onopang'ono, muponde kutsogolo moyamba ndi chidendene, mwakachetechete ngati mphaka, kenako thupi lisamukire kumeneko. Chitani zimenezo mphindi zisanu osawongola mawondo, osabanika. Ntchafu zikayamba kunjenjemera mundiuze ngati mukusekabe. Liwiro limabisa zambiri, abale. Ukamathamanga, mwendo wofooka umapulumutsidwa ndi unzake usanaululike. Ukamayenda mochedwa chonchi palibe pobisala: bondo lililonse limasenza katundu wake lokha, ndipo maganizo akangothawira ku ngongole ya kubanki m'khonde, umadzandira pomwepo. Mpumulo wa tai chi umachokera pamenepo. Mutu sungathe kuwerenga mavuto uku ukulondera phazi.

Komanso ulesi mukunenawo mwautenga kuti? Tai chi idayamba ngati luso la nkhondo. Mizu yake ili ku banja la a Chen, m'mudzi wa Chenjiagou m'chigawo cha Henan, m'zaka za m'ma 1600. Yang Luchan adakaphunzira kumeneko m'zaka za m'ma 1800 n'kukaiphunzitsa ku Beijing, ndipo mtundu wofatsa womwe ambirife timayambira umatchedwa ndi dzina lake, Yang. Mu 1956 boma la China lidakonza ndondomeko yachidule ya magawo 24 kuti munthu wamba aiphunzire msanga. Yonseyo imatha mphindi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi basi. Mayina a magawowo ndi okoma kumva: "manja ngati mitambo", "kugwira mchira wa mbalame". Koma funsani mphunzitsi, akuonetsani kuti dzanja lofewalo likuphera nkhonya kumbali. Mu 2020 bungwe la UNESCO lidaika tai chi pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu, womwewo muli Gule Wamkulu ndi Vimbuza.

Gulu lina ndi la onong'ona kuti n'za mizimu. Zoona, maganizo a yin ndi yang ali m'kati mwake, ndipo aphunzitsi ena amakonda kukamba za mphamvu yotchedwa qi. Amene chikumbumtima chake chikumuletsa, asiye, sindimukakamiza. Koma anthu omwewa tidakulira nawo limodzi m'mavidiyo sho tikukuwira Jet Li, ana awo akuwatumiza ku karate, ndipo palibe adaitanitsa mapemphero. Nkhonya yothamanga ndi masewera, yochedwa ndi chiwanda, eti?

Chomwe chimandipsetsa mtima kwenikweni n'chakuti nsekozi zimagwetsa anthu ulesi, makamaka amene akufunika kusuntha thupi kuposa tonse. Taganizani za mayi wa zaka 60 wa mawondo owawa, kapena bambo wa mu ofesi amene tsiku lonse amakhala pa kompyuta, BP ili m'mwamba. Tikawauza kuti masewera enieni ndi jimu kapena kuthamanga makilomita khumi, amayang'ana thumba, amayang'ana mawondo, n'kukhala pansi. Bungwe la WHO limalangiza akuluakulu kuti azisuntha thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo a zaka 65 kupita m'tsogolo aziwonjezera masewera othandiza kuti asamadzandire, masiku atatu pa sabata. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Nkhalamba ikagwa kubafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno, nthawi zambiri moyo wake subwereranso mwakale, ndipo banja lonse limasanduka ogonera kuchipatala. Pa nkhani yopewa kugwayi tai chi yafufuzidwa kwambiri, ndipo imathandiza. Simufuna zitsulo, simufuna nsapato zodula. Khonde lokwana mphasa ziwiri ndi lokwanira.

Sindikugulitsa mankhwala pano. Tai chi sichiza shuga, ndipo wa BP apitirize kumwa mapiritsi ake. Amene akufuna minofu yotupa ya pa Facebook, jimu ilipo, apite. Ndipo inu amene mukufuna kuyamba, musathamangire magawo 24 onse sabata imodzi. Tengani awiri, muwabwereze mphindi khumi m'mawa uliwonse mpaka miyendo iwaloweze. Musapinde kwambiri pofuna kufanana ndi a pa YouTube, iwo aja adayamba kalekale. Bondo lizilunjika komwe zala zakumapazi zalunjika, ndipo likayamba kubaya, wongokani pang'ono. Aneba akasuzumira pampanda n'kufunsa ngati kunyumba kuli bwino, auzeni alowe ayese kuima ndi mwendo umodzi.