Woyendetsa ndege akakana chikwama chanu, musamukwiyire

Kwathu ku Mughese, m'mapiri a Misuku, nyemba zimachedwa kupsa kusiyana ndi kunyanja ku Karonga. Ndili mwana ndinkaganiza kuti vuto ndi nkhuni. Ayi ndithu. Tili pamtunda wa mamita oposa 1,500, mpweya wotipanikiza ndi wochepa, choncho madzi amawira asanafike madigiri 100. Mpweya wopepuka womwewu ndi umene umavutitsa ndege zing'onozing'ono ponyamuka kumapiri.

Mwina mumaganiza kuti injini yokha ndiyo imaulutsa ndege. Koma ndege imadalira mpweya pazinthu zitatu nthawi imodzi. Mapiko amakankhira mpweya pansi kuti ndege ikwere, pulopela imaukankhira kumbuyo, ndipo injini imafuna okosijeni kuti iwotche mafuta. Mpweya ukapepuka, zonsezi zimafooka limodzi. Injini wamba ya ndege yaing'ono imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu yake pa mamita 300 alionse okwera.

Tiyeni titenge bwalo la ndege la Chelinda pa Nyika, lomwe lili pamtunda wa mamita oposa 2,300. Kumeneko density ya mpweya, ija mumawerengera m'kalasi la Fizikisi, ndi pafupifupi 80 peresenti ya mpweya wa kugombe la nyanja yamchere. Ndege imayenera kuthamanga kwambiri isanadzuke, chonsecho injini yake ndi yofooka. Bwalo likhoza kutha ndege ikadali pansi, kapena imadzuka koma n'kulephera kupitirira mitengo ndi zitunda za kutsogolo.

Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti kutentha kumawonjezera vutoli. Mpweya ukatentha umatambasuka, n'kupepukanso. Matebulo a oyendetsa ndege amawerengera kuti pamtunda ngati wa Chelinda kuzikhala pafupifupi madigiri 0. Digiri iliyonse yoposa pamenepo imakhala ngati yakweza bwalolo ndi mamita 36. Ndiye masana a madigiri 20, inu mutavala juzi n'kumati kunja kuli bwinobwino, ndege imamva ngati ikunyamuka pamtunda wa mamita 3,000. Werengerani nokha muone!

Tisasokoneze nkhaniyi ndi ngozi ya pa 10 June 2024 ku Chikangawa, imene inapha Wachiwiri kwa Pulezidenti Saulos Chilima ndi anthu ena 8. Ija inachitika ndege ili kale paulendo, nyengo ili yoipa. Ndikunena pano za masekondi oyamba enieni a ulendo.

Tsono maganizo anga ndi awa. Ife tinazolowera za minibasi: "Sunthani pang'ono, alowe mmodzi." Thumba la khofi lilowe, mkoko wa nthochi ulowenso. Minibasi ikalemedwa imakwera chitunda mokwawa, mwina ena n'kutsika kukankha. Ndege ilibe mwayi umenewo. Woyendetsa ndege akakukwezani pasikelo, akakana chikwama, kapena akanena kuti tinyamuka mawa m'mamawa kukadali kozizira, ena amati ndi wamantha kapena wamwano. Ine ndimati munthuyo wachita masamu ake, ndipo ndingakwere ndege yake mtima uli m'malo. Amene angandiopse ndi womvera bwana wofulumira n'kunyamuka 1 koloko masana, ndege itadzaza.

Ngakhale ndege zikuluzikulu zimagonjera lamulo lomweli. Bwalo la OR Tambo ku Johannesburg lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700, ndipo msewu wake wina wonyamukira ndi wautali makilomita oposa 4.