Pa makona a Kacholola, tayala ndilo limalamula njinga yamoto

Woyendetsa njinga yamoto akachoka pa Luangwa Bridge kulunjika ku Nyimba amakhala ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 100 wokwera ndi kutsika mapiri. Cha ku Kacholola msewu wa Great East umapindikira kumanzere, kumanja, kumanzerenso, ndipo malole ochokera ku Chipata ndi ku Chanida amangoti tulukiru pakona. Kupitirira Nyimba kulowera ku Petauke msewu umawongokako. Anyamata onyamula anthu pa honda amathera masiku awo ambiri pa msewu wowongokawu, ndipo matayala awo amatha molingana ndi mayendedwewo: amadyeka pakati, m'mbali mano ali chikhalire. Tayala lotere limaoneka labwinobwino mpaka tsiku limene lidzafike pa makona a Kacholola.

M'mashopu a zipangizo za njinga pa boma la Petauke kapena pamsika wa Nyimba, wogula tayala amafunsa mafunso awiri: "Ndi zingati?" ndi "Likhala miyezi ingati?" Funso lachitatu, lakuti tayalalo ligwira bwanji msewu njinga ikapendekeka, silimveka kawirikawiri. Komatu limeneli ndilo funso la moyo wa woyendetsa ndi wa mayi amene wakhala kumbuyo ndi mwana kumsana.

Galimoto imakhota chifukwa chiwongolero chatembenuza mawilo, n'chifukwa chake matayala ake ndi afulati. Njinga yamoto ikakhala pa liwiro imakhota mwa kupendekeka, ndipo tayala lake linapangidwa la msana wozungulira kuti zimenezi zitheke. Ikapendekeka, m'mbali mwa tayala ndi mmene mumagunda pansi. Popeza m'mbalimo n'mochepa kuzungulira kwake poyerekeza ndi pakati, tayala limadzikhotera lokha, monga imachitira ndowa yogonekedwa chammbali, imene ukaikankha imagubuduka mozungulira osati molunjika. Kulemera konse kwa njinga, anthu ndi katundu kumatsamira pa kachigawo ka labala kosakwana chikhato cha munthu, ndipo kachigawo komweko ndi kamene kamagwira ntchito ya mabuleki ndi ya kukhota.

Tayala lakumbuyo likadyeka pakati, msana wozungulira uja umasanduka fulati wokhala ndi ngodya uku ndi uku. Pofika pakona njinga imayamba yakana kupendekeka, woyendetsa n'kuikakamiza ndi mahandulo. Ikangokwera pa ngodya ija imagwera mkati mwadzidzidzi, itatsamira pa kamzere kopyapyala ka labala. Woyendetsa amadzidzimuka, amagwira buleki, njinga imadzuka n'kuwongoka, ndipo pa kona yopindikira kumanzere kuwongokako kumatanthauza kulowa mbali ya malole. Ambiri zikawachitikira amati mahandulo alimba kapena mashoko atha. Amalipira makanika kuti akonze chimene sichinawonongeke, tayala lomwe lija n'kubwerera nalo pamsewu.

Mpweya nawo ndi nkhani ina. Pa malo ambiri opopera matayala muyeso ndi chala chachikulu: kudina tayala, n'kunena kuti "lakwana, bwana". Chala sichingasiyanitse tayala lokwana ndi loperewera pang'ono, koma njinga imasiyanitsa. Lakutsogolo likaperewera mpweya mahandulo amalemera ndipo njinga imachedwa kulowa m'kona. Lakumbuyo likaperewera njinga imagwedeza matako, labala amapindikapindika n'kutentha, ndipo m'dzuwa la Okutobala chubu sichichedwa kuphulika. Lopopedwa mopitirira muyeso limagunda pansi ndi kachigawo kochepetsetsa ndipo limadumphadumpha pa mabampu. Muyeso woyenera umalembedwa m'buku la njinga, ndipo pa njinga zambiri ulinso pa kachikwangwani komatidwa pafupi ndi tcheni. Umayezedwa ndi geji, tayala lisanatenthe, ndipo nthawi zambiri lakumbuyo limafuna mpweya wowonjezera pakakhala wokwera kapena katundu.

Katunduyo ndiye amafunika kumuwerengera bwino m'dera la alimi ngati lino. M'mbali mwa tayala mumakhala nambala yosonyeza kulemera kumene linganyamule: 50 ndi makilogalamu 190, 52 ndi 200, 56 ndi 224. Nyengo yokolola, Bajaj Boxer kapena TVS HLX imasenzetsedwa matumba atatu a chimanga kapena soya a makilogalamu 50 lililonse, kapena mikoko ya nthochi za ku Nyimba yomangidwa mpaka kuposa mutu wa woyendetsa. Matumba atatu okha ndi makilogalamu 150, onse atatsamira kumbuyo. Kuwonjezapo gawo la kulemera kwa woyendetsa ndi la njinga, imene payokha imaposa makilogalamu 100, tayala lakumbuyo limakhala litadutsa kale malire ake. Nthawi yomweyo wilo lakutsogolo limapepuka, ndipo wilo lopepuka siligwira msewu pakona.

Msewu womwewu umadutsa alendo a njinga zikuluzikulu za maulendo ataliatali, ochokera ku Malawi kudzera pa Mwami kulowera ku Lusaka ndi ku Livingstone. Anthu amawaunjikira akaima pa Nyimba kuti amwetse mafuta, maso ali pa injini ndi mabokosi a katundu. Eni akewo nkhani imene amakambirana kwambiri asananyamuke kwawo ndi ya matayala. Honda Africa Twin ili ndi wilo lakutsogolo la mainchesi 21, lalikulu ndi lopyapyala, limene limakwera maenje ndi mchenga mosavuta koma limachedwerako kukhota pa phula. BMW R 1250 GS ili ndi la mainchesi 19, lokhota msanga pa phula. Posankha labala, ena amatenga Continental TKC 80, ya mano akuluakulu okumba dothi ndi matope koma osachedwa kutha pa phula. Ena amatenga Heidenau K60 Scout kapena Mitas E-07, odziwika ndi kukhalitsa. Ngakhale anthu a ndalama zawo amenewa sanapeze tayala lochita bwino paliponse. Amasankha poona kuti mbali yaikulu ya ulendo idzakhala pa msewu wotani.

Woyendetsa wa kuno ayenera kudzifunsa chimodzimodzi. Amene amakhalira kupita kwa Luembe, kwa Nyalugwe, kwa Sandwe kapena ku Ukwimi, kumene kuli mchenga m'chilimwe ndi matope m'dzinja, akufunika mano otalikirana, onga a njinga za Yamaha AG200 zimene alangizi a zaulimi ndi antchito a zaumoyo akhala akuyendera m'midzi. Koma adziwe kuti pa phula mano amenewo amapindika njinga ikapendekeka, ndipo labala wogunda pansi amachepa, makamaka kukanyowa. Amene ntchito yake ili pakati pa Nyimba, Minga ndi Petauke akufunika tayala la mizere yothithikana. Amene amayenda konsekonse atenge la pakatikati, n'kuvomereza kuti pa makona azichepetsa liwiro.

Pali chizolowezi china chofala pakati pa achinyamata, choika tayala lonenepa kumbuyo kuti njinga ioneke yamphamvu. Manambala a pa tayala ali ndi tanthauzo: 3.00-17 ndi tayala la mainchesi 3 m'lifupi lokwana pa limu ya mainchesi 17, pomwe 100/90-17 ndi la mamilimita 100 m'lifupi. Tayala lalikulu likakanikizidwa pa limu yopapatiza msana wake umasongoka, kagwiridwe ka msewu kamasintha, ndipo nthawi zina limakhula tcheni. Enanso saona muvi wosonyeza kumene tayala liyenera kuzungulira, kapena amaika lakumbuyo kutsogolo poti ndi limene linalipo.

Matayala a salaula ndi amene agonera m'shopu zaka zambiri ali ndi vuto losaoneka msanga: labala amauma. Mano amakhalapo onse, koma sagwira. Pa matayala ambiri pamakhala manambala anayi osonyeza nthawi imene linapangidwa. Mwachitsanzo 2322 ndi sabata ya 23 m'chaka cha 2022. Kampani ya Michelin imalangiza kuti tayala likapitirira zaka 5 liziyezedwa chaka chilichonse, ndipo likakwana zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino. Latsopano nalo limakhala loterera, choncho makilomita 100 oyambirira amafunika kuyenda modekha.

Oyendetsa ali ndi yankho lawo, ndipo ndi lomveka. Ambiri njinga si yawo. Amapereka ndalama kwa mwini wake tsiku ndi tsiku, yotsala ndi ya mafuta ndi ndiwo, choncho tayala louma lokhalitsa ndilo limaoneka lanzeru. Koma apa mpamene udindo uyenera kugwera mwini njinga. Iye ndi amene amapindula ndi ulendo uliwonse, ndipo ndi amene amataya njinga yonse tayala likaterereka. Ndalama zikachepa, lakutsogolo ndilo liyenera kukhala labwino koposa: lakumbuyo likaterereka woyendetsa waluso nthawi zina amaibweza njinga, koma lakutsogolo likapita munthu amapezeka ali pansi asanaganize chochita.

A bungwe loona za chitetezo cha pamsewu la RTSA ndi apolisi apamsewu amalimbikira za zisoti, malaisensi ndi inshuwalansi, ndipo akuchita bwino. Kuona tayala kumangotenga kamphindi, ndipo kuyenera kukhala mbali ya ntchito yomweyo, limodzi ndi kuphunzitsa oyendetsa pa masiteshoni awo kuwerenga manambala ndi kuzindikira tayala lafulati. Magulu a oyendetsa ku Petauke ndi ku Nyimba angathe kusonkherana n'kugula geji imodzi pa siteshoni iliyonse. Nthawi yochitira zimenezi ndi mvula ya Novembala isanagwe, chifukwa mvula yoyamba ndi imene imayandamitsa dizilo ndi oilo amene malole akhala akudontheza pa makona a Kacholola chilimwe chonse.