ZA M'MUNDA MWATHU: Kagulugufe Kogwetsa Malalanje

Alimi a ku Lufita ndi midzi yoyandikana ndi Boma la Chitipa, kodi munaonapo lalanje likuchita chikasu anzake akali awisi, kenaka n'kugwa? Ling'ambeni muone. Mukapeza timphutsi toyera tambiri topanda miyendo, imeneyo ndi ntchito ya ntchentche. Koma mukapeza mbozi imodzi yofiirira, ya mutu woderapo, ndi zitosi zake zonga utuchi, mwini mlandu ndi kagulugufe ka usiku kamene Azungu amakatcha False Codling Moth.

Kanthuka nkakang'ono ndithu. Kakatambasula mapiko sikafika inchi imodzi, ndiye kuti mamilimita 15 mpaka 20, ndipo kakakazi ndiko kokulirapo. Maonekedwe ake ngotuwa mosakanizika ndi kuderako ngati khungwa la mtengo, ndi kadontho koyera pa phiko. Masana kamabisala, chifukwa chake ambiri a inu simunakaonepo. Mbozi za abale ake ambiri zimapinda tsamba n'kugonamo, koma ya kameneka imaboola chipatso.

Si mlendo ai. Kwao ndi kuno ku Africa, kumwera kwa chipululu cha Sahara, ndipo ku Tanzania ndi ku Zambia kaliko. Bwana Edward Meyrick wa ku England ndiye anakalemba m'mabuku mu 1913. Kuyambira 2018 maiko a ku Ulaya anakhwimitsa malamulo pa zipatso zochokera kuno chifukwa cha iko.

Tsono nanga kamauluka mwezi uti? Apa mpamene pagona vuto, pakuti kalibe nyengo yopuma. Kukatentha, dzira limasanduka gulugufe pa mwezi umodzi ndi masiku pang'ono; m'chisanu cha June ndi July kamangochedwa, osatha. Pa chaka kangabale mibadwo isanu kapena kuposa. Malalanje akatha kamasamukira ku magwafa, mapeyala, tsabola, chimanga, ngakhale nsatsi za kuseri kwa khola zimene palibe aziyang'ana.

Mbozi ikakhuta imatuluka ndi kukagona m'nthaka pansi pa mtengo womwewo. Kotero chipatso chakugwa musachisiye. Tumani ana atole sabata ndi sabata, ndi zobooka za mumtengo zomwe, mukwirire m'dzenje ndi dothi lopitirira phazi limodzi pamwamba, ndi kupondapo zolimba. Kutaya kudzala ndi kuziweta chabe. Uzaninso mnansi wanu amene magwafa ake akuolera pansi, pakuti kagulugufe ka kwa iye usiku kadzatera pa mitengo yanu.