Msuku Wosabala Musaudule

Amayi anzanga, nyengo ya masuku yafikanso. Pamsika wa pa Boma la Mzimba ndi pa Jenda mabeseni ali tho, ndipo ana sakudandaula njala masana. Koma lero tikambirane za mtengo umene ambiri a ife timaunyoza, ndiwo msuku wosabala.

Abambo akamatsegula mphanje kapena kuotcha makala, woyamba kulawa nkhwangwa ndi umenewu. Amati ngwachabe poti sunagwetsepo suku ndi limodzi lomwe. Kuteroko ndi kulakwa. Misuku ili monga ife anthu: ulipo waumuna, ulipo waukazi. Yonse imachita maluwa m'dzinja, koma wobala ndi waukazi wokha. Waumuna umapereka mungu, kaufa kaja kamene njuchi ndi tizilombo tina timanyamula kuchoka duwa ili kunka duwa ilo. Mukaudula, ndipo pafupi palibe unzake, maluwa a waukazi amangoyoyoka. Akulu anati mutu umodzi susenza denga.

Tsono m'malo modalira thengo la ku Perekezi lokha, bwanji osadzala misuku pakhomo? Sankhani masuku aakulu ndi otsekemera. Njere zake musaziyanike ngati za dzungu, chifukwa zikauma zimafa. Zifeseni masiku omwewo. Dothi lofesera mukatape pansi pa msuku waukulu, pakuti muli bowa amene amathandiza mizu ya kamtengo kupeza chakudya. Dzalani isanu kapena isanu ndi umodzi, popeza simungadziwe waumuna ndi waukazi isanachite maluwa. Msuku wa njere umatha kudikiritsa zaka pafupifupi 10. Akatswiri a ku Makoka, m'boma la Zomba, anaonetsa kuti womezanitsa umabala msanga, choncho funsani alangizi a zankhalango. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Masuku akachuluka asamaolere pansi. Fyanyani, muchotse njere ndi makoko, muthire m'phala la ana. Vinyo amathekanso, monga ankachitira a Mulunguzi ku Zomba. Thirani madzi owiritsa ndi ozizira pa masuku ofyanya, onjezani shuga ndi yisiti pang'ono, muvundikire ndi nsalu yoyera m'ndowa yotsuka bwino. Takasani tsiku ndi tsiku, ndipo pakatha sabata sefani. Musatseke botolo kolimba thovu lisanaleke, lingakuphulikireni. Vinyoyo ndi wa akulu ndi alendo, osati wa ana kapena mayi woyembekezera.

Madzulo ano, abambo akatha kudya, auzeni mwaulemu za mtengo uja ali nawo maso kumapeto kwa munda. Nkhuni zake zidzatha m'sabata imodzi, koma masuku amene umabalitsa adzadya ndi adzukulu athu.