Pempho kwa anthu a mu Zomba: mbuzi zisakwere phiri

Amayi ndi abambo, abale ndi alongo a ku Chinamwali, Matawale, Sadzi, Chikanda, Mpondabwino ndi nonse amene mumamwa madzi a Mulunguzi,

Moto wa m'phiri tonse tauona. Utsi usanathe n'komwe, kwabuka mphekesera m'magulu a WhatsApp, m'minibasi ndi pamsika, yoti mankhwala a moto ndi mbuzi. Akuti ku America amatero, choncho aliyense amasule ziweto zake zikwere phiri, zikadye thengo lonse kuti moto usowe potola. Ena ayamba kale kuzikusira kumtunda m'mamawa. Ife amene timafesa mbande m'nazale ndi kudzala mitengo m'mphepete mwa phiri ndi mitsinje tikuti ayi, chonde lekani lero lomwe.

Za ku America si bodza. Ku California amabwereka mbuzi n'kuzilipirira kuti zidye tchire, ndipo mu 2019 mbuzi pafupifupi 500 zinathandiza kupulumutsa nyumba ya mabuku ya Ronald Reagan ku moto wolusa. Koma amene akufalitsa nkhaniyi akuisiyira panjira. Mbuzi za kumeneko zimatsekeredwa mu mpanda wa waya wamagetsi, m'busa amakhala nazo usana ndi usiku, zikamaliza pamalo amazisamutsa. Ndiponso amaziika pamene eni malo akufuna kuti pasamere kanthu. Ife pa phiri la Zomba tikufuna kuti pamere mitengo. Nanga tingatengere bwanji nzeru yometa phiri pamene lathuli lameteka kale?

Amene sanaonepo abwere tidzamuonetse. Mbuzi ikafika pa mbande ya mbawa imayamba ndi nsonga, pamene mtengo umakulira. Ukakhala wotalikirapo imaimirira ndi miyendo yakumbuyo, kuupinda, kenako kukungudza khungwa mpaka kutsala kamtengo koyera. Mtengo umene mayi wina anauthirira ndi ndowa ya pamutu Okutobala yense umafa masana amodzi. Mbuzi siidziwa kuti ichi ndi chitsamba, uwu ndi mtengo wodzala.

Komanso tisanamizane ngati moto umagwa kuchokera kumwamba. Amayatsa ndi anthu, ndipo timawadziwa: osaka mbewa, ootcha makala, ndi oweta amene amatentha udzu wouma kuti palupsa paphuke msipu. Ziweto zikachuluka m'phiri, ofuna msipu achulukanso, machesi nawonso achuluka.

Pali mawu amene atipweteka, ndipo tiwayankha mosabisa. Akuti ife ndife mabwana a m'nyumba za mipanda, odya za pamwezi, amene timakonda mitengo kuposa anthu ndipo tikufuna kulanda amphawi banki yawo. Abale, ambiri mwa ife tinaphunzira ndi ndalama ya mbuzi. Tikudziwa kuti fizi ikavuta, mwana akadwala, maliro akagwa, chimene chimapulumutsa banja ndi tonde wa m'khola. Tikudziwa kuti pa Eid, pa Khirisimasi ndi pa chinkhoswe mbuzi imafunika, ndipo mnyamata wa kanyenya pa chiwaya amadyetsa ana ake ndi nyama yomweyo. Palibe mmodzi wa ife amene wanena kuti mbuzi zichoke mu Zomba. Koma tiuzeni, mmphawi amene mukumuteteza ndi uti? Mbuzi yoyendayenda siilowa kwa bwana, kumeneko kuli geti ndi mlonda. Imalowa m'dimba la mayi wamasiye m'mbali mwa Likangala n'kumudyera mpiru ndi tomato zimene amati akagulitse. Imagubuduza lichero la ufa woyanika pakhomo pa munthu amene alibe wina. Imadumphira njinga ya kabaza pamsewu wa M3, wovulala n'kukhala mnyamata wosowa ndi ya mankhwala yomwe. Ndipo phiri likadzagumuka, nyumba zoyamba kukokoloka ndi za zidina zomangidwa m'mitsetse ndi m'makhwawa. Woweta amene amamasula mbuzi m'mawa n'kupita ku ntchito zake, podziwa kuti zikadya kwa anzake, asabisale kumbuyo kwa umphawi. Kumeneko n'kudyera anzako masuku pamutu, ndipo n'kosayenera munthu amene Lachisanu kapena Lamulungu amakagwada pamodzi ndi omwe wawalakwirawo.

Ngakhale mbuziyo kuyendayenda sikuithandiza. Funsani opha nyama zimene amapeza akang'amba chifu cha mbuzi ya m'tauni: majumbo okhaokha, opotana ngati chingwe. Imaoneka yotupa mimba koma ikuwonda, ndipo ikafa mwini wake amati yalodzedwa.

Mzinda uno uli ndi mbiri imene sitiyenera kuiiwala. Mu Disembala 1946 madzi ndi miyala zinatsika m'phiri lino n'kupha anthu, agogo athu n'kumati wadutsa Napolo. Mu 1991 zinachitika ku Phalombe. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira mabanja ku Chilobwe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chimene chimagwira dothi pamtsetse ndi mizu. Mizu yomweyo ndiyo imasunga madzi amene amadzaza damu la Mulunguzi, kumene mipopi yathu imachokera, ndi amene amatsika ndi Likangala kukafika ku nyanja ya Chilwa. Nyanjayo inaphwa mu 1995, ndipo asodzi a ku Kachulu akudziwa chimene chimachitika matemba akasowa. Tsono ife tikamalekerera mbande kudyedwa chaka ndi chaka, ana athu tidzawauza kuti tinali kuti?

Dziwaninso kuti lamulo la za nkhalango la 1997 limaletsa kudyetsa ziweto m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo, ndipo phiri la Zomba ndi nkhalango yotetezedwa. Sitikufuna kuona mnansi wathu akulipitsidwa chindapusa chifukwa cha uthenga wa pafoni umene sakudziwa n'komwe amene anauyambitsa.

Zimene tikupempha n'zochepa. Mbuzi zikhale m'khola, makamaka la m'mwamba, ndipo chakudya chizipita kwa mbuzi: nsenjere, masamba a lukina, makoko a nandolo, madeya. Udzu wa m'njira zotchinga moto ukamwetedwa ndi chikwakwa, mogwirizana ndi a zankhalango, moto umachepa mphamvu ndipo mbuzi zimakhuta, manyowa n'kutsala pakhomo. Mafumu, makhansala ndi khonsolo ya mzinda aitanitse misonkhano m'madera kuti tigwirizane chochita ndi chiweto chopezeka chikuyendayenda. Uthenga wa mbuzi za ku America ukakupezani, musautumize kwa wina.

Nyengo yodzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala. Chonde, tsikulo lisanafike, mbuzi iliyonse ya mu Zomba ikhale ili ndi khola lake.

Ndife anansi anu,
odzala mitengo a m'munsi mwa phiri la Zomba